Moto Umene Galasi Silidaupeze

Amuna anga anali munthu wamantha pa thupi lawo. Ndiyambe ndanena zimenezo chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Munga ukawabaya kumunda, mudzi wonse unkadziwa dzuwa lisanapendeke. Ku kampu ya ku Zambia, kumene tidaonana nkhondo itatithamangitsa kwathu, adathawapo pamzere wa jakisoni n'kukabisala kuseri kwa matumba a chimanga, bambo wamkulu ndi ndevu zake. Ine ndidawakonda choncho, ndi mantha awo omwewo, poti pa zina zonse anali mwamuna. Nkhwangwa inkawamvera, ndipo denga limene amanga iwo silinkadontha. Anali Mnsenga, ndipo mtendere utabwera adanditsata kwathu kudera la Chiputo kudzakhala mkamwini.

Magalimoto adatitsitsa pa Fingowe ndi zimene adatipatsa: makasu, mbewu, malona, mapoto, ndi magombeza otuwa aja amene aliyense wochokera kothawa nkhondo ankadziwika nawo. Kuchokera pamenepo tidayenda wapansi, mwana wathu wamkazi ali kumbuyo kwanga. Mudzi tidauzindikira ndi mitengo ya mango basi. Pamene panali nyumba ya amayi padamera tchire lofika m'khosi, koma mafuwa athu tidawapeza mu udzu mmene tidawasiyira. Tinkayenda moponda pamene mnzako waponda, chifukwa m'mbali mwa njira zakale munali mabomba okwirira.

Chuma chachikulu chimene chidabwera m'mudzi mwathu sichinali khasu kapena poto. Chinali m'thumba la malaya a alongo anga, amene ndidapondana nawo pamutu. Iwo ku kampu ankathandiza pa kachipatala, poyamba kusesa ndi kuitana odwala, kenako kumayeza kutentha kwa thupi. Pobwerera, namwino wina adawapatsa choyezera chimodzi kuti chikathandize kumudzi. Iwo ankachitchula kuti termometro, akukweza nsidze ngati munthu wa ku ofesi, koma ife tonse tinkangoti galasi. Ankalisunga m'kansungwi kotseka ndi thonje, ndipo pamalo pamene malungo amayambira adalembapo mzere wofiira ndi utoto wa m'zikhadabo, kuti ngakhale wosadziwa manambala aziona yekha. Wotchi analibe. Akaika galasi m'khwapa mwa wodwala ankanena Atate Athu mobwereza, pang'onopang'ono, ndipo pa ameni womaliza ndi pamene ankalitulutsa.

Chipatala chinali kutali, ulendo wonyamuka mbandakucha n'kukafika kutada, ndipo wodwala ankapita pa machira, amuna ena atasenza, ena akudikira kusinthana nawo. Dzinja loyamba anthu adanyamulidwa kangapo pachabe. Nkhalamba ina imene tonse tinkati ikutsirizika idatsika yokha pa machira atafika pamtsinje, n'kupempha fodya. Amuna adatopa, minda ikulowa thengo, ndipo ulendo uliwonse unali woika moyo pachiswe chifukwa cha mabomba aja. Choncho Lamlungu lina titatha mapemphero pansi pa mango, mudzi udagwirizana kuti machira azituluka pa zinthu zitatu zokha: mayi wovutika pochira, munthu wolumidwa ndi njoka, ndi wodwala amene galasi lake ladutsa mzere wofiira. Lamuloli silinali lachilendo kwa ife. Ku kampu nakonso, galasi likapanda kukwera unkabwerera ku tenti yako wopanda mankhwala, ndipo tidazolowera kuti choonadi cha matenda chimakhala m'khwapa. Tonse tidavomera, palibe adakweza chala.

Chaka chachiwiri, mvula itangoyamba kuwaza, amuna anga anali kumaliza nyumba ya amayi, monga mkamwini amachitira. Alongo anga anali pamwamba kulandira mitengo, iwo ali pansi kupatsira. Mtanda wa tsanya, wolemera ngati chitsulo, udapulumuka ndipo udawamenya pamwamba pa khutu lakumanzere. Ine ndinali pamtondo, ndidangomva kuti gu. Adakhala pansi kanthawi, maso ali gwa, kenako adadzuka akusasa fumbi. Magazi anali ochepa, osadzaza n'chikhato chomwe.

"Alamu, mwapweteka?" adafunsa alongo anga ali pa denga.

"Iyayi, alamu, mtengo wangondipatsa moni. Landirani winawu."

Anthu adaseka. Munthu wolira ndi munga uja adagwira ntchito mpaka madzulo, chifukwa apongozi awo anali pomwepo akuyang'ana, ndipo sadafune kuchita manyazi pamaso pawo.

M'mawa mwake sadadzuke. Ndidawapeza atagwira mutu ndi manja onse, atatsinzina. Ululu ukawagwira ankabwerera ku Chinsenga chawo, kumene moto amati mulilo.

"Amake mwana, muno muli mulilo. Mkati mwenimweni."

Ndidaika dzanja pamphumi. Panali pofunda wamba, ngati pa munthu amene wangodzuka kumene. Ndidathamanga kukaitana alongo anga. Adabwera ndi kansungwi kawo, adakutumula galasi, adaliika m'khwapa, adapemphera mpaka ameni, ndipo adatuluka nalo panja kukaliyang'ana padzuwa.

"Palibe febere, alamu, thupi silidatenthe. Onani nokha, silidafike n'komwe pafupi ndi mzere."

"Galasi mwaika m'khwapa, alamu. Ine kukhwapa kulibe mlandu. Moto uli muno." Adaloza pamwamba pa khutu.

"Thupi ndi limodzi, alamu. Moto ukakhala m'mutu, kukhwapa kumamva."

Kenako alongo anga adagwira mapazi a alamu awo n'kupeza kuti ngozizira ngati mwala wa pamtsinje. Pamenepo nkhani idatha kwa iwo. Adati munthu uyu wazizidwa ndi mantha, afunditsidwe bwino, musonkhe moto pafupi. Amuna anga adapempha kuti ndiwathire madzi pamutu, koma alongo anga adakana. Adati munthu wozizira mapazi ukamunyowetsa mutu umamuitanira chibayo, ndipo ku kampu madzi ankathira okhawo amene galasi lawo lakwera.

Ine sindine mkazi wosunga mawu m'kamwa, amayi adandibala ndi lilime lakuthwa. Ndidawatsata alongo anga mpaka pabwalo n'kuwafunsa ngati galasi lawolo lidamenyedwapo ndi mtanda kuti lidziwe za mutu wa munthu. Ndidawakumbutsa kuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Iwo sadakwiye. Adangoti, "Mlongo, ndikatulutsa machira lero popanda mzere, mawa nditi chiyani kwa enawo? Aliyense ali ndi wake wodwala. Ndibweranso masana."

Ndidabereka mwana n'kuyenda khomo ndi khomo kupempha amuna kuti tinyamule munthu. Inali nthawi yodzala, aliyense anali ndi mbewu m'manja, ndipo kulikonse funso linali limodzi: "Galasi lati chiyani?" Ndikayankha, ankayang'ana pansi. Bambo wina adandiuza mwaulemu ndithu kuti amuna angawo tonse tikuwadziwa, si aja adabisala kumatumba? Amayi ena pachitsime ndidawamva akunong'ona kuti mkamwini asamakule mwendo, wabwera dzulo lomweli akufuna kale kuyenda pamapewa a eni mudzi. Ndidawayankha mawu amene sindingalembe pano, ndipo mmodzi wa iwo adamwalira asanandikhululukire. Koma kukalipa sikusenza machira. Ndekha sindikadatha, ndipo njinga m'mudzi munalibe.

Nditabwerera ndidapeza amuna anga atamva zonse, poti makoma athu anali a udzu.

"Asiye, amake mwana. Ndine mlendo pano, ndisavute anthu. Mwina ndi mantha anga omwewa."

Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero kuposa onse. Munthu ankapsa, koma adayamba kudzikayikira yekha chifukwa kagalasi kadamutsutsa.

Alongo anga akapita kumunda, ndinkanyika kapulana wanga, nsalu yanga yovala, mumtsuko n'kukulunga mutu wa amuna anga. Ankapuma mozama, mapewa n'kugwa.

"Eya, pamenepo. Koma sakufika. Madzi akuthera pakhungu."

Tsiku lina alongo anga adabwera msanga n'kundipeza. Ndinkayembekeza mkangano, ndidali nditaukonzekera kale. Iwo adangochotsa nsaluyo mofatsa, adapukuta tsitsi la alamu awo ndi malaya awo omwe, adapita kwawo n'kubwera ndi gombeza lawo lotuwa, limodzi lokhalo limene anali nalo, n'kuwafunditsa pamwamba pa athu awiri. Masiku onse amenewo iwo ankagona chofunda thumba. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti alongo anga anali munthu wouma mtima. Alamu awowo ankawakonda, ankadyera mbale imodzi, ndipo ankabwera ndi galasi m'mawa, masana ndi madzulo osaphonya. Akadakhala munthu woipa, bwenzi ndili ndi pokwiyira, mwina bwenzi ndidapepukidwa kalekale.

Amuna anga adayamba kusanza. Kenako adayamba kugona kwambiri, ukawadzutsa n'kuyankha zosagwirizana. Mwana wathu ankamuitana ndi dzina la mlongo wawo amene adafera ku kampu. Kadontho kakuda ka m'diso lakumanzere kadakula kuposa ka linzake, ndipo nditawaonetsa alongo anga adayang'ana nthawi yaitali n'kuti zimenezo sadaziphunzire. Galasi linkakwera pang'ono, n'kuima pansi pa mzere, ngati mwana wamanyazi pakhomo la eni.

Lidadutsa mzere m'mawa wa tsiku limene adaleka kulankhula. Alongo anga atangoliona adatuluka akufuula mayina a anthu, ndipo amuna adabwera akuthamanga, makasu atawasiya m'mizere. Palibe adazengereza, ngakhale bambo wa nkhani ya matumba uja ndiye adayamba kuika phewa. Tidanyamuka mame asanaume, ine pambuyo ndi mwana ndi chigubu cha madzi. Pamtsinje tidapeza madzi atadzaza chifukwa kumtunda kudagwa mvula, ndipo tidawatsitsa pansi pa mkuyu kudikira kuti aphwe. Amuna anga adatisiya pomwepo, dzuwa lisanafike pamutu. Machira omwewo adawabweza kumudzi.

Dzinja lonse limenelo sindidalankhule ndi alongo anga. Ankabwera kudzalima m'munda mwanga, ine n'kumaika chakudya chawo pachitsa osawayang'ana. Koma m'mudzi simukhala chidani chosatha, maliro ndi njala zimakukhazikani pamphasa imodzi. Iwo ndiwo adafolera nyumba yanga chaka chilichonse, ndipo sukulu itatsegulidwa, iwo ndiwo adalimbikira kuti mwana wa alamu awo asasiye kuphunzira. Za masiku aja sitidakambepo. Zaka zikamapita, inenso ndidayamba kudzifunsa. Mwina galasi linkanena zoona, mwina moto udabweradi tsiku lomaliza lokha, ndipo zinazo anali mantha a munthu amene ndinkamudziwa bwino mantha ake. Chinthu chokhala ndi manambala n'chovuta kukangana nacho ukakhala wekha.

Mwana uja adakula n'kukhala namwino ku Tete. Chilimwe chathachi ndidapita kwa iye kukaonetsa maso, amene ayamba kuchita nkhungu. Kutentha kwa ku Tete akudziwa amene adagonako. Masana ena tidakhala pakhonde, ine ndikudzikupiza ndi chivundikiro cha poto, iye maso ali pa foni, akuwerenga za maphunziro ake owonjezera. Ndidamufunsa chimene chamugwira chotero mpaka kuiwala mayi ake.

"Ndi za anthu ovulala m'mutu, amayi. Taonani ichi, amati fibra."

Ndidayandikitsa foni kumaso. Padali chala cha munthu, ndipo pachalapo padagona kanthu kowonda ngati tsitsi limodzi.

"Ndi ulusi wagalasi umenewo," adatero. "Madotolo amaboola kabowo kakang'ono pachigaza n'kuulowetsa mpaka mu ubongo. Ndiye amatumiza kuwala m'kati mwa ulusiwo. Kuwalako kukafika kunsonga kumabwerera, ndipo kumabwerera kutasintha malinga ndi kutentha kwa pamene kwafikapo. Makina amawerenga kusinthako n'kunena kuti mu ubongo mwatentha bwanji."

"Nanga kuvutika konseko n'chifukwa chiyani? Sangangoika galasi m'khwapa?"

"Sizifanana, amayi. Ubongo umakhala wotentha kuposa kukhwapa, makamaka ukavulala. Munthu akhoza kukhala ndi mapazi ozizira, kukhwapa kuli bwinobwino, koma mkati muno mukupsa. Ndipo kutenthako kumaonjezera kuwononga. Ndiye chifukwa chake wotere amamuziziritsa, samufunditsa."

Chivundikiro chidagwa m'manja mwanga n'kugubuduka mpaka pamasitepe. Ndidamuuza kuti abwereze, ndipo adabwereza. Mwanayu nkhani ya bambo ake ankangoidziwa kuti adagweredwa ndi mtengo, chifukwa sindidafune kuti akule akuwayang'ana atsibweni ake ndi diso lina. Tsiku limenelo ndidamuuza zonse, kuyambira pa moni wa mtanda mpaka pa mkuyu. Adalira, kenako unamwino udabwerera mwa iye, ndipo adandigwira dzanja.

"Amayi, musadzipweteke. Ulusi umenewu ngakhale kuno kulibe, ndi wa kumayiko akutali, ndipo kumeneko akadali kuuyesa. Mmene mukufotokozeramo, abambo ayenera kuti ankataya magazi mkati mwa chigaza. Ngakhale mukadafika nawo ku Fingowe tsiku loyamba, sindingalonjeze kuti akadachira."

Ndidamva, ndipo ndikudziwa kuti sankandinamiza. Koma ine sindinkalirira kuchira kokha. Ndinkalirira kuti munthu adanena zoona kuyambira m'mawa woyamba, adaloza ndi chala pamalo penipeni, ndipo mudzi wonse udamuyesa wamantha mpaka iye mwini adavomera. Adapita akuganiza kuti wavutitsa anthu pachabe. Ndipo choyezera chimene chikadamuikira umboni chinali galasi lomwelo, kungoti lowonda, lotha kufika kumene iye ankaloza.

Ndili m'galimoto yobwerera ndidasinkhasinkha ngati ndiwauze alongo anga. Akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo, ndipo galasi lija adaleka kuligwiritsa ntchito kalekale, chitsegulireni kachipatala kufupi ndi kwathu. Komabe kansungwi kaja kakadali kutsindwi kwa nyumba yawo. Mtima wina unkati asiye, afe ndi mtendere wawo. Wina unkati amuna ako adafa ndi dzina la wamantha m'mudzi uno, ndipo amene angalichotse ndi mmodzi yekha. Ndidafika kumudzi ndisanasankhe, koma atangondifunsa za ulendo, pakamwa panga padasankha pokha.

Ndidawapeza pakhonde akusoka mphasa. Ndidafotokoza mmene mwana adandifotokozera, za ulusi, za kuwala kopita ndi kubwerera, za mapazi ozizira. Sindidakalipe, mwina koyamba m'moyo wanga. Iwo adaleka kusoka, singano ili m'manja, maso ali pa mango aja.

"Ndiye kuti kukhwapa sikumva zonse," adatero.

"Sikumva zonse, achimwene."

"Ndipo ine ndidawonjezera gombeza."

 Ndidayamba kumva chisoni kuti ndalankhula.

Kumanda kwathu sapitako wamba. M'mawa mwake alongo anga adapita kwa akuluakulu oyang'anira manda kukapempha chilolezo, ndipo kumeneko, pamaso pa amuna amene ena mwa iwo adasenza nawo machira aja, adanena kuti alamu awo sanali wamantha, moto unalimodi. Kenako adabwera kwanga atanyamula ndowa. Adzukulu adafuna kuwalandira koma adawabweza. Adatunga okha pachitsime, ndipo tidayenda awiri, iwo ndodo kudzanja lina, ndowa kudzanja lina, akupuma pamthunzi uliwonse, madzi akutayikira m'miyendo.

Mtumbira udaphwa kale, umangodziwika ndi miyala imene ndidazunguliza. Adaima pamenepo akupuma mwamphamvu.

"Kumutu ndi kuti, mlongo?"

Ndidawalozera. Adagwada movutika, adapendeketsa ndowa, ndipo adathira pang'onopang'ono kuti madzi asathawire kumbali.

"Alamu, ndi ine. Ndabwera ndi madzi aja munkapempha."

Dothi la chilimwe lidamwa onse nthawi yomweyo, padangotsala kachigamba konyowa kosaposa lichero. Alongo anga adakanda ndi chala, ndipo pansi pake panali pouma. Adayang'ana chalacho, adagwira ndodo yawo n'kudzuka, ndipo adatenga ndowa kubwerera kuchitsime.